Ndachotsa Nyanga

Njingayi inabwera ndi achimwene kuchokera ku Joni,
matayala onenepa, thupi lopepuka ngati bango,
kutsogolo nyanga ziwiri zopindikira pansi
ngati za nkhosa yamphongo.
Anyamata a kabaza pa Chitakale anaiimbira mluzu.
Ndinawerama pamenepo zaka ziwiri,
mphuno pafupi ndi tayala,
bokosi la katemera kumsana,
kukwera ndi kutsika timisewu ta m'minda ya tiyi
momwe mwala uliwonse umafuna kukupatsa moni m'mafupa.

Chinayamba ndi chala chakumapeto.
Chinagona, osadzuka.
Kenaka chinzake choyandikana nacho,
kenaka chikhatho chonse, nyerere kuyendamo usiku.
Ndinkati ndi chiperoni. Ndinkati ndi kuchapa.
Mpaka Lachitatu lina ku sikelo ya pansi pa mtengo wa mapeyala,
mwana ali pamiyendo pa amake, ntchafu poyera,
jakisoni anandipulumuka m'manja
nagwera m'fumbi.
Mayiyo sananene kanthu.
Anangophimba kantchafu kaja ndi chitenje.

A Namakhwa amakonza njinga kuseri kwa chigayo.
Njingayo sanaiyang'ane n'komwe. Anati, Tione manja.
Anadina pachikhatho ndi chala chawo cha girizi,
ine n'kudumpha.
Thupi lonseli mwalisenzetsa apa, anatero,
malo ochepa ngati kandalama kachitsulo.
Ndinati, Komatu ndi njinga ya mpikisano.
Iwo anati, Mukupikisana ndi yani?

Ndinkayesa n'kungomasula mabawuti anayi basi.
Ayi ndithu. Zogwirira mabuleki zinakana chitsulo chowongoka,
zosinthira magiya nazonso zinakana,
waya wakale anafupika.
Anatuma Lekeleni ku Limbuli kawiri,
ulendo woyamba anabwera ndi zosakwana.
Ndalama ndinasungira malata a khitchini ija
inalowa m'thumba la ovolosi osatsanzika.
Anasenda tepi wakuda wa panyanga
monga tisendera nzimbe,
ndipo kunsi kwake kunali mchere woyera,
thukuta langa la zaka ziwiri.

Lero ndakwera nditakhala tsonga.
Mphepo ya ku Likhubula ikundipeza pachifuwa ponse,
ndipo sindibisa, liwiro latsika.
Kamwana kasukulu kandipitirira pachitunda
pa njinga yopanda chishalo, kakuseka.
Koma pamlatho ndadzutsa maso
n'kupeza phiri lili pomwe ndinalisiya,
madzi akutsika pathanthwe ngati ulusi wosomoka.
Nthawi yonseyi ndimadziwa maenje okha,
lililonse ndi dzina lake.

Mayi wina wothyola tiyi, dengu kumsana,
waima pakati pa mzere nafuula,
Kani a zaumoyo mumayankha moni?
Ife tinkati ndinu onyada.
Ndakweza dzanja limodzi
ndipo njinga sinagwedezeke.

Zala zitatu zadzuka.
Chakumapeto chija chidakali m'tulo,
ku chipatala cha pa boma akuti ndichipatse miyezi,
ndisamachikalipire.
Achimwene sindinawauze.
Akaimba foni Lamulungu ndimati njinga ili bwino,
ndipo si bodza,
kungoti akadzabwera pa Khirisimasi
adzapeza nkhosa yawo yasanduka bulu.

Nyanga zija ndinazisiya kwa a Namakhwa.
Anazikhomera pakhoma chagada.
Kumanzere apachikako machubu obooka,
kumanja jekete lawo la mvula,
akuti sizinagwirepo ntchito yabwino chotere.

Mawa kuli sikelo kutsidya kwa mtsinje,
ana makumi atatu ndi mphambu zingapo.
Usiku uno ndatenga singano ndi ulusi,
ndasendera pafupi ndi nyali.
Koyamba ndaphonya.
Kachiwiri dzanja lanjenjemera, ndaliika pabondo,
ndadikira galu wa kwa aneba asiye kuuwa.
Kachitatu ulusi walowa.